Maginito m'thumba la ovolosi

Ine 06:52
iwe mwana ichi ndi chani mthumba la ovolosi yako

Ine 06:53
ndimachapa chakakamira ku beseni. usandinamize ndikuchidziwa

Mwana wanga 07:20
maginito chabe amayi. ndalowa kale ntchito tikamba madzulo

Ine 07:21
tikamba pompano. alamu ndakuikani mu group muno dala. ndinu kapitawo wake ku fakitale ndinunso bambo ake aang'ono. yankhani

Ine 07:26
[uthenga wamawu 0:44]
Iwe ukuyesa sindidziwa? Chitseko cha makina aja chili ndi sensa. Ukatsegula, sensa imamva kuti maginito a pachitseko achoka, makina amaima. Ndiye inu anzeru mumamata maginito ena pa sensapo ndi tepi, makina aziyesa chitseko n'chotseka, azingozungulira iwe mkono uli m'kati. Bambo ako anapita choncho. Bokosi lawo sanatilole n'kutsegula komwe. Lero iwenso? Iweyo?

Mwana wanga 09:05
amayi mabotolo amakakamira pafupipafupi. ndikatsegula line yonse imaima mpaka electrician abwere. target ndiikwanitsa bwanji. aliyense amapanga

Ine 09:06
aliyense sindinamubereke ine

Alamu 09:40
alamu mtima pansi. sensa ija inatopa imaimitsa makina ngakhale chitseko chili chotseka. tinapempha yatsopano kalekale. ine sindinamupatse maginito mwanayu

Ine 09:41
ndani wafunsa kut wamupatsa ndani

Ine 09:41
mwadumpha nokha ngati mbewa

Ine 09:58
alamu

Ine 10:15
pamaliro munalira mpaka kukugwirani anthu awiri. munati mwanayu ndimusamala ngati wanga. kusamala kwake nkumeneku eti

Mwana wanga 10:32
basi amayi mukundichititsa manyazi. ndili bho, ndimasamala

Ine 10:33
bambo ako ankasamala kuposa iwe. munthu woti mpeni ankaupereka chogwirira kutsogolo ngakhale kwa akulu akulu

Ine 10:34
lero ukugwira bwanji poti chinthu chako ndili nacho ine

Mwana wanga 10:50
ndabwereka a mnzanga

Ine 10:51
[foni yosayankhidwa]

Ine 10:52
[foni yosayankhidwa]

Ine 11:30
ndakwera minibus. maginitowa ndikukawapatsa a safety a ku fakitale mmanja

Alamu 11:33
alamu musatero. lamulo likuti wopezeka ndi maginito achotsedwe tsiku lomwelo. sayamba ndi ine ayamba ndi mwanayu

Alamu 11:34
ndipatseni sabata ino ndikonza

Ine 11:36
malemu achimwene anunso munawauza zomwezo kuti sabata ino ndikonza

Mwana wanga 11:41
amayi plz. mukudziwa mmene ndinavutikira kupeza ntchitoyi. pakhomo ndi ine ndekha. tidya chani

Ine 11:47
njala ndimaidziwa ndinakula nayo. ukagona umadzuka

Ine 11:48
zimitsa makinawo chotsa tepiyo unditumizire chithunzi ndibwerera pa stage pomwe pano

Ine 12:05
ndikudikira chithunzi

Ine 12:20
ndafika pa geti. mlonda akuti ofesi ya safety ndi chitseko chobiriwira

Mwana wanga 12:21
mukalowa sindidzakuyankhulaninso

Ine 12:24
chabwino

Alamu 13:50
mwasangalala? line aitseka. apeza maginito pa makina ena anayi. ine andiitana mawa. mwanayu amulanda ID

Ine 13:52
watuluka ndi manja angati

Alamu 13:53
awiri

Ine 14:10
iwe ndili pansi pa mtengo kunja kwa geti. miyendo yatupa. tuluka tizipita

Ine 14:45
anzako akudutsa akundiyang'ana ngati mfiti. ayang'ane

Ine 15:20
ndaona wawerenga

Mwana wanga 15:38
ndatulukira geti lakumbuyo. ndikagona kwa mnzanga. musandidikire

Ine 15:40
wadya?