Mpunga Sindidula Mpaka Ufike

Uliwa, Karonga
9 Juni

Wokondedwa mlongo wanga Febby,

Uli bwanji ku Limbeko? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo. Ndikulemba m'Chichewa poti Chitumbuka chako chinathera m'minibasi.

Pa foni ndinakunamiza kuti ulendo wathu wa ku Nyika unayenda bwino. Undikhululukire.

Ukudziwa kuti Amama chidwalire sitiroko sanatulutse mawu zaka ziwiri. Ine ndimati akaona mbidzi ndi ntchefu mtima ukhala m'malo. Ndinali nditaiwala kuti anabadwira momwemo, mudzi wawo usanasamutsidwe.

Masanasana kunachita chifunga, ndipo tinatsika galimoto kuti tione mbidzi pafupi. Amama anangoiyamba kulowa m'udzu, ndodo atasiya pampando. Ine ndi Ambokile, mlonda wa nyama amene amatitsogolera, tinachita kuwathamangira.

Tinawapeza pamalo poyera, posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Pakati panali mafuwa atatu. Ambokile anati kumeneko sikukhala munthu ndipo moto ngoletsedwa, koma atagwira fuwa limodzi anabweza dzanja msanga. Nanenso ndinagwira. Linali lofunda, dzuwa kulibe.

Amama anavula nsapato zija unawatumizira, kuziika pambali ngati pakhomo pa eni, n'kugwada. Kenako anayankhula, Febby! Mawu oyera ngati kale. Anapereka moni kwa anthu asanu ndi mmodzi amene ife sitimawaona, aliyense ndi dzina lake, akudikira yankho n'kumavomera. Mbidzi zinasiya kudya, zonse kuyang'ana kumbuyo kwathu. Ine sindinacheuke. Ndinali ndi mantha, sindikubisa.

Nditafuna kutola nsapato anandikaniza, amati sanatulukebe m'nyumbamo. Mpaka lero akuyenda osavala nsapato.

Panopa akuyankhula, akudya, akuseka, moti a kumpingo akuti ndi chozizwitsa. Koma ine anandiuza tili awiri kuti kwawo awasesera kale, ndipo abale awo adzabwera kudzawatenga tikangomaliza kudula mpunga. Ananena mosangalala, ngati za ukwati.

Mpunga unacha kalekale. Anzathu onse adula, m'dambo monse watsala wathu wokha. Odula ndawabweza kawiri, ndipo anthu akuti Kenan wazungulira mutu. Mwina n'zoona. Iweyo useka, paja umati ndine wamantha chibadwire.

Koma mbalame za dambo lonse zasamukira m'munda mwathu, ndipo sizikuopa chitini kapena mwala. Dzulo Amama anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti abale awo ndi anthu othandiza, aona kuti ndachedwa ndi ntchito.

Usadikire Khirisimasi, chonde. Kwera basi ukangowerenga kalatayi. Akukutchula tsiku lililonse, ndipo mawuwa suwamvanso ukachedwa. Chikwakwa ndabisa, koma mbalame zadya kale theka la munda.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusunge panjira.

Ndine mlongo wako,
Kenan