Akundiposa ndi Chifundo Chomwe

Achemwali okondedwa,

Muli bwanji ku Ndolako? Kuno ku Ulongwe tili bwino, mwendo wa amayi wapola.

Loweruka lililonse timasonkhana kuchipatala, nesi wina wa ku Japan amatiphunzitsa mawu a Buda, mphunzitsi wa chipembedzo cha kwawo, a chifundo ndi mtendere wamumtima. Sabata yatha anati titsinzine, aliyense amufunire zabwino munthu amene amamupweteka mtima. Ine zinandikanika. Titatsegula maso, mkazi mnzanga Abiti Saidi anati, "Ine ndawafunira zabwino akuluwa," akuloza ine. Onse anawomba m'manja, nesiyo mpaka kumukumbatira. Nsanje inandigwira, achemwali! Mwamuna anandilanda, chitenje cha chipani bambo akunyumba agulira iye yekha, lero akundiposanso chifundo pamaso pa anthu?

Munditumizireko nsalu yoposa yake. Mulungu akusungeni, ndipo mundipempherere, chifukwa ndikufuna ndikayesenso kumufunira zabwino.

Ine mng'ono wanu,
Asiyatu