Nkhope ya Bambo Pakhoma la Sitolo

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino kutali komwe muliko. Kuno tilipo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe.

Chisankho chayandikiranso. Mukukumbukira khoma la sitolo yathu, pomwe tinajambula nkhope ya bambo chaka chimene anapambana uphungu wa dera lino? Chimwalirireni iwo pa ngozi ya galimoto ya pamlatho ija, padutsa aphungu atatu, ndipo aliyense ankatuma anthu ake kudzapaka penti nkhope ya mnzake n'kujambulapo yake. Mvula ya chaka chino yamatula zonsezo. Atatu aja afufutika, bambo atulukiranso, maso okha ndi chipumi. Mayi asiya kudzera pamenepo, akumazungulira kuseri.

Dzana kunabwera achipani. Akuti, "Mpando uja ngwa bambo anu, muimire ndinu." Ine ndinaseka, koma mayi anagwetsa kapu. Alendowo atapita, mayi anangoti, "Yamba wafunsa malume ako chifukwa chimene anatsikira m'galimoto ya bambo ako ija isanafike pamlatho."

Ine sindikufunsa kanthu, malume. Ndagula penti yoyera yopaka pakhoma paja, koma chitini sindinatsekule. Ndiyambe ndamva kwa inu.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu