Dzina la Otilia pa Galasi Lakuda

Mlolo, Nsanje
17 Novembala 2024

Okondedwa Mlamu Clotilda,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Mutarara, pamodzi ndi a Shadreck ndi ana onse. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa latipsereza monga mwa masiku onse. Mvula sinayambe, koma madzulo mitambo ikumasonkhana cha kumapiri, ndipo aliyense wayamba kuponya maso ku Ruo. Mbatata ya kudimba inachita bwino, ngakhale kuti wodya nayo anachepa.

Pepani kuti makalata anu sindinawayankhe. Chichokereni inu kuno pa maliro a mng'ono wanu Otilia, cholembera chakhala chikundilemera. Lero ndachinyamula chifukwa ndili ndi nkhani ya mwana wanu Prudence imene muyenera kuimva, ndiponso kapempho kamodzi.

Mukukumbukira ntchito ya Otilia ya m'mawa. Ankapita kumtsinje, pamtengo wachitsulo wopakidwa manambala uja, kukaona pamene madzi afika. A Pedro, asodzi aja, amachitanso chimodzimodzi kumbali ya ku dambo. Manambalawo amabwera kwa ine, ine n'kuwalowetsa mu kompyuta ya komiti yathu yoona za madzi osefukira, imene imakhala m'kachipinda ka pasukulu. Kompyutayo imawatumiza kuboma, ndipo madzi akamakwera mofulumira ndi m'mene anthu amauzidwira kuti asamukire kumtunda. Ndi yakale, ndipo netiweki ya kuno mukuidziwa, choncho pulogalamu yake ilibe zithunzi kapena poti n'kudina. Ndi galasi lakuda basi, ndi kamzere kophethira kodikira kuti munthu alembe lamulo. Ukalemba bwino imangoti ziii, kungoonetsa kadontho kobiriwira. Ukaphonya pang'ono imakuyankha m'Chingerezi, ndi zilembo zazikulu zofiira. A Pedro ankaitchula kuti Kapitawo, ati imalankhula ngati akapitawo a m'minda ya nzimbe amene anawathawa ali mnyamata.

Otilia atatisiya, ntchito ya pamtengo ndinaitenga ine. Koma makinawo sanauzidwe za maliro. M'mawa uliwonse ndikamaliza kulowetsa manambala, pansi pake pankatuluka mzere wofiira wakuti FAILED, kenako dzina la Otilia, kenako mawu oti sanapereke muyeso wake. Tangoganizani, mlamu. Mkazi amene ankadzuka nkhuku zisanatsike, amene pa madzi aakulu aja anayenda m'matope ofika m'chiuno kuti akawerenge mtengowo, makina n'kumamunena tsiku ndi tsiku kuti walephera.

Njira yochotsera dzina inalipo. Ndinaiyesa kamodzi. Makina anandichenjeza kuti dzina likachoka, miyeso yonse imene analembetsa chiyambireni ichoka nalo limodzi, osabweranso. Ndinazimitsa kompyuta n'kupita kukamangirira mbuzi. Miyesoyo si ya ine ndekha. Ndi imene imatiuza kuti madzi akafika pakutipakuti, msewu wa kuchigayo umakhala utaduka kale. Ndiye ndinangopirira. Koma kupirira kuli ndi pothera. Mwezi watha ndinauza Mayi Dorika, amene ndi wapampando wa komiti, kuti apeze wina wondilowa m'malo mvula isanagwe. Anandiyang'ana nati, "Wina wake uti, a Fanizo? A Pedro amaiopa kompyutayi, ine maso awa. Mukasiya inu, galasilo tiliphimba ndi chitenje, madzi adzatipeze tili m'tulo." Sindinawauze chifukwa changa.

Ndi sabata yomweyo imene Prudence anabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ku Blantyre, komwe akuphunzira za makompyuta. Ananditsatira kusukulu m'mawa wina, ati akufuna kutchaja foni pa sola. Anaima kumbuyo kwanga ine ndikulemba. Mzere uja utatuluka ndinafuna kuuphimba ndi dzanja, koma ndinachedwa.

"Baba, zimenezi zakhala zikuchitika kuyambira liti?"

"Kuyambira kale."

"Osandiuza?"

"Unali ndi mayeso."

Anakoka mpando. Anandifotokozera kuti amene analemba pulogalamuyi anaisiya poyera, kuti aliyense wodziwa angathe kuikonza n'kuwatumizira. Anati mzere wofiirawo angauzimitse madzi a tiyi asanawire. Ndinagwira dzanja lake. Ndinamuuza kuti munthu sachotsedwa pa ntchito mwakachetechete ngati akuchotsa chitsotso m'maso, anzake amene ankagwira nawo ntchito kulibe. Ndinamufunsanso kuti mawa akamwalira wina kapena akadwala, kumidzi ina kumene kulibe Prudence, adzatani?

Anati, "Ndiye vuto si mzerewu. Makinawa sadziwa kuti munthu amatha kupuma pa ntchito. Amangodziwa wogwira ndi wofufutidwa." Anaseka pang'ono. "Mwandipatsa ntchito ya tchuthi chonse, Baba."

Anagwira ntchitoyo m'kachipinda kotentha kaja, thukuta lili kamukamu, ndipo sanaigwire yekha. Anaitana a Pedro nawakhazika pampando, iye n'kukhala pambali ndi kope, osawathandiza. A Pedro analemba 43 pamene ankafuna 4.3, ndipo Kapitawo anawakalipira monga mwa chizolowezi chake.

"Mwaonatu, mwana wa Fanizo," anatero a Pedro. "Sakuuza chimene walakwa. Apongozi anga ndi abwino, iwo amatchula mlandu."

Lero mukalakwitsa choncho, imayankha m'Chichewa kuti, "Mwalemba 43, koma mtengo wa pamtsinje sufika pamenepo. Kodi mumafuna 4.3?" A Pedro ataona zimenezi anavula chipewa, ati Kapitawo wabatizidwa. Ndi tsiku lomwelo limene tinadziwa kuti iwo chibadwire sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, moti sankadziwa ngati uthenga wapita kapena wakanika. Prudence sanawaseke. Anangokonza kuti makina azinena ndi mawu kuti zatheka kapena sizinatheke, osadalira mtundu wokha. Kwa Mayi Dorika anakulitsa zilembo. Anaikanso kuti munthu akasowa chochita azingolemba kuti thandizo, ndipo imamuonetsa chitsanzo chimodzi chachifupi, osati chitsamba cha mawu chimene chinkatuluka kale.

Tinasemphana pa chinthu chimodzi. Anapanga lamulo latsopano lakuti pumitsa, loti dzina lisaitanidwenso m'mawa koma miyeso yake ikhale. Mawu amene makina ankayankha nawo anali ataliatali. Ankati ali ndi chisoni chachikulu, akulira nafe limodzi, ndipo kumapeto kunali kankhope kogwetsa misozi. Anandionetsa akuyembekeza kuti ndikondwera.

Ndinati, "Mwanawe, makinawa amayi ako anawadziwa?"

"Ayi, Baba, koma ndimafuna kuti akhale achifundo."

"Wolira maliro a munthu amene sanamudziwe, timadziwa kuti wabwerera chakudya."

Anakwiya. Anatseka kompyuta mwamphamvu natuluka, ndipo ndinamuona ataima nthawi yaitali pansi pa mtengo wa nimu wa pasukulu paja. Ndinazindikira mochedwa kuti mawu aja sanali a makina, anali ake, ndipo analibe kwina kowaika. Ndinapita kukaima naye. Pobwerera anandikankhira kope lake nati, "Lembani inuyo. Ine ndingomanga."

Ndinalemba zochepa. Ndinati makina anene zoona zokhazokha, anene chimene achite asanachite, afunse kaye, ndipo munthu akasintha maganizo pakhale pobwerera. Ndi m'mene Otilia ankalankhulira ndi odwala akapita kukawaona ndi amayi a mpingo. Sankawanamiza, koma sankawadzidzimutsanso.

Lachisanu lina, Prudence asanabwerere kukoleji, komiti yonse inabwera. Mayi Dorika anapemphera. A Pedro anasimba za tsiku limene Otilia anawathamangitsa pamtengo paja chifukwa anamangirirapo bwato lawo, ndipo tinaseka, inenso ndinaseka. Kenako ndinakhala pansi ndi kulemba ndi zala zangazi kuti pumitsa Otilia. Makina anayankha kuti, "Dzina la Otilia silidzaitanidwanso m'mawa. Miyeso yawo yonse isungidwa. Mukafuna kuiona, lembani onetsa Otilia. Tipitirize?" Ndinachedwa kuyankha, ndipo palibe amene anandifulumiza, ngakhale makinawo. Nditavomera anangoti, "Zatheka. Zikomo chifukwa cha ntchito yawo." Basi.

Mayi Dorika anandifunsa pakhomo ngati apitirize kufunafuna wina. Ndinati asavutike.

Tsopano imvani chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Prudence anatumiza zimene anakonza kwa eni pulogalamu aja, amene ali kutali ndipo sanamuonepo. Anamufunsa mafunso ambiri, ena olimba, iye n'kumayankha pafoni atakhala pakhonde, phazi lili pa mtondo monga ankakhalira mayi ake. Dzulo anandiimbira kuchokera ku Blantyre kuti azilandira. Akuti aliyense amene atenge pulogalamuyi kuyambira tsopano, kulikonse kumene kuli mtsinje ndi mtengo wa manambala, aipeza ili ndi lamulo lopumitsa munthu ndiponso malo oikamo chilankhulo cha kwawo. Ndinamufunsa ngati alembapo dzina lake. Anati lilipo, m'munsi penipeni pamene sipawerengedwa. Ine ndamuuza kuti akabwera adzandionetse pamenepo. Mwana uja munkamubereka kumbuyo akulirira mango osapsa, mlamu. Ndinapita kukauza a Pedro kudoko, ndipo ndikuganiza kuti ndinawauza kawiri.

Sindikubisirani kanthu kena. M'mawa wotsatira mwambo uja ndinalowetsa manambala, makina anati zatheka, ndipo pansi pake panalibe kanthu. Ndinakhala ndikuyang'ana malo akudawo. Anthu kuno anasiya kutchula dzina lake pamaso panga poopa kundipweteka, amangoti malemu. Mzere wofiira uja, ndi mwano wake wonse, ndi wokhawo umene unkamuitanabe ndi dzina m'mawa uliwonse. Sindikuufuna kuti ubwerere. Koma masiku ena, ndikamaliza ntchito, ndimalemba onetsa Otilia, ndipo miyeso yake imatsika pagalasi, m'mawa ndi m'mawa, dzina lake lili pambali pa uliwonse. Ndimawerenga pang'ono n'kutseka. Prudence musamuuze zimenezi. Kapena akudziwa kale, poti lamulolo analiika ndi iyeyo ine ndisanapemphe.

Pempho langa ndi ili. Owerenga madzi ambiri kumunsi kuno ndi a Chisena, ndipo Prudence akufuna kuti makinawa aziwayankha m'chilankhulo chawo. Chisena changa ndi cha pamsika, chogulira nsomba. A Pedro anadzipereka, koma mawu amene anapereka sangalembedwe pasukulu ya ana. M'nyumba muno mwini Chisena anali Otilia. Ndalemba kuseri kwa pepalali mayankho onse a makinawo. Chonde muwatembenuze monga mmene mukanalankhulira ndi munthu wamkulu amene walakwitsa koma simukufuna kumuchititsa manyazi. Liwu lothokoza lokha ndaliika kale, takhuta, poti limenelo ndinkalimva tsiku lililonse.

Za chiliza tidzakambirana madzi akadzaphwa, chifukwa simungawoloke bwino nthawi ya mvula. Mundiperekere moni kwa a Shadreck, muwauze kuti mbuzi imene anaisirira ija yabereka ana awiri. Moni kwa ana onse ndi kwa amayi a mpingo amene munabwera nawo. Mayi Dorika ndi a Pedro akuti muwakumbukire.

M'munsimu ndi mmene mng'ono wanu ankandilanda cholembera kuti aikemo mawu ake a Chisena, aja munkaseka nawo awiriwiri ine osamva. Ndazolowera kusiya mpatawo, ndipo ndaona kuti ndausiyanso. Mawu ndapemphawo muwalembe momwemo, mundibwezere pepalali.

Ndine mlamu wanu,
Fanizo, bambo a Prudence