Ndatsuka Filitiro ya Malemu

Lolemba, 5 Agosto

Ndafika ku Metangula kwa mwana wanga Arlete. Wondituma ndi mayi ake, Rosita: "Pitani mukamuseketse, paja ntchito imene mumaitha ndi yokhayo." Miyezi itatu chimwalirireni mwamuna wake, aphunzitsi a Valter, ndipo mwanayu waonda ngati usipa wa pathandala. Akaweruka ku unamwino wake amangofikira pampando n'kumayang'ana nsomba.

Inde, nsomba. M'nyumba. Pabalaza! Ine zaka makumi asanu ndikutulutsa nsomba m'madzi, mkamwini wanga anatulutsa madzi m'nyanja n'kuwaika m'galasi kuti nsomba zizimuonerera akudya. Akuti dzina lake akwariyo. Muli mbuna zisanu ndi ziwiri, timbuna tomwe tija ta m'miyala timene tikakodwa mu ukonde timaponyera amphaka. Chonsecho nyanja ili apo, ukayetsemula pakhonde mafunde amayankha.

Ndinafunsa kuti zimakazingidwa tsiku lanji. Sanaseke.

Zili ndi mayina. Ina yabuluu, yosatseka pakamwa, malemu anaitcha Sogro, ndiye kuti apongozi. Ine! Munthu ankandipatsa moni ndi manja awiri, kuseri akundiponyera chakudya m'galasi.

Lachiwiri, 6 Agosto

Pansi pa galasilo, m'kabati, muli chigubu chakuda chonga ndowa yovundikira. Mapaipi awiri, ina ikukoka madzi, ina ikubweza. Ndiye filitiro, sefa ya madzi a nsombazi. Chikulira ngati nkhalamba ya chifuwa, krrr, krrr. Arlete (ndizingolemba A.) akuti Valter ankachitsegula mwezi ndi mwezi, koma iye sanachikhudzepo, amachiopa.

"Papa, musachigwire."

Sindichigwira.

Lachitatu, 7 Agosto

Ndachigwira.

A. atangotuluka m'mawa ndinachizula kumagetsi n'kupita nacho kuseri. Kutsegula chivundikiro, mayo ine! Matope abii, onanda, fungo la pansi pa bwato lakale. Masiponji atatu akuda bii. Pansi pake timikanda toyera tonga makaroni, tonse tokutidwa ndi nyansi. Mphunzitsi wathunthu, wa nsapato zowala, ankasunga chimbudzi pabalaza!

Ndinagwira ntchito, Mulungu ndi mboni. Sopo waufa, madzi otentha, mchenga. Masiponji ndinayanika padenga mpaka gwa. Timikanda ndinawiritsa mumphika. Zonse mbee.

Koma m'chivundikiro muli kapulopela kakang'ono, ngati ka injini ya boti, kozungulira pa kamtengo koyera. Kamtengoko kanandipulumuka, kugwa pa simenti, tswa! ngati choko. Ndinadula sipoko ya njinga n'kulowetsamo. Chinalira ndithu, tsopano ngati chigayo, ndipo pamwamba pa madzi panabwera tithovu.

A. anafunsa chimene chasintha. Ndinati chaphunzira nyimbo ina.

Lachinayi, 8 Agosto

Ndafa lero cha m'ma onze, 11 koloko m'mawa.

Kunena Sogro. Chigubu chinakhala chete m'mawa, A. atapita. Madzi anayera ngati thobwa losungunula, nsomba zonse pamwamba kukamwa yasa yasa, ndipo mnzanga uja gada, mimba kumwamba. Sindinaonepo chotere. Ndaphapo nsomba zodzaza mabwato, koma imodzi iyi yokha ndiyo ndinaichitira maliro.

Nzeru za nkhalamba: ndinaikwirira pansi pa mpapaya, n'kutenga chidutswa cha neti, ulendo kumiyala. Mwera ukuwomba, madzi ozizira ngati a m'firiji, ine m'kabudula wamkati kuthamangitsa mbuna. Ndinagwira yabuluu ndithu, n'kudzaiponya m'galasi. Ndinkati yabuluu ndi yabuluu.

A. analowa, osatula n'chikwama chomwe.

"Sogro ali kuti?"

"Si uyo akukupatsa moniyo?"

"Sogro ali ndi timadontho titatu pa chipsepse cham'munsi. Uyu ali ndi kamodzi."

"Wasamba," ndinatero. Pakamwa panga, pakamwa panga!

Anagwada, kutsegula kabati, kununkhiza chigubu. Sopo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Papa, manja omaliza kutseka chigubu ichi anali a Valter." Analowa kuchipinda, n'kutseka.

Lachisanu, 9 Agosto

Ina yafa, yachikasu. Tiyi anandisiyira patebulo wopanda moni.

Loweruka, 10 Agosto

Ndinapita kwa che Jafari, mnzanga wakale wa ku Chiwanga amene tsopano amasoka maukonde kuseri kwa msika. Paunyamata wake ankamira m'madzi kugwirira azungu mbuna zotumiza kunja, ndiye za magalasizi amazidziwa. Nditafotokoza anaika singano pansi.

"Mwatsuka ndi sopo?"

"Waufa. Wabwino."

"Timikanda?"

"Ndinawiritsa."

"A Baltazar, mwapha antchito onse n'kusiya ofesi yowala."

Akuti m'matope aja mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo ndi timene timadya mkodzo wa nsomba kuti usasanduke poizoni. Nyansi zija ndiye sefa yeniyeniyo. Chigubu ndi nyumba chabe. Akuti potsuka umangofinya masiponji pang'ono m'madzi otunga m'galasi momwemo, basi, osati a pampopi, ndipo sopo asayandikire n'komwe. Ku sukulu ya ku Msumba anatimenya zaka zinayi kutiphunzitsa kuti uve umapha. Lero ndili ndi imvi ndikumva kuti ukhondo nawo umapha!

Malangizo: tsiku lililonse ndichotse gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ndithiremo a kunyanja, oyamba akhala m'nyumba kuti asazizire. Chakudya pang'ono kwambiri. Ndipo pafunika filitiro ina msanga, poti sipoko yanga yakumba mkati mwa injini, yatheratu.

Jafari ali ndi nambala ya wogulitsa wina wa ku Nampula. Wogulitsayo anatumiza zithunzi zitatu pafoni. Choyamba chachikulu, cha magetsi obiriwira ndi mabatani, akuti chimalankhula ndi foni. Ine ndinati chimenecho, mwina chikandipepesere. Chachiwiri kakang'ono kokoleka m'mphepete mwa galasi. Chachitatu chigubu wamba chotuwa, chosakongola ngati ine.

"Injini ya boti mumasankha poona utoto?" anatero Jafari, n'kuyamba kumufunsa munthuyo ngati wapolisi. Magetsi akazima n'kuyakanso, chimadzuka chokha kapena mpaka wina ayamwe paipi? Chimatseguka ndi manja kapena sipanala? Mapaipi ali ndi timipopi totseka, kuti potsegula madzi asasefukire pabalaza? Mphira wa chivundikiro ndi kamtengo koyera kaja, zapadera zilipo? Galasi lathu ndi la malita duzentos, mazana awiri, ndiye akuti madzi onsewo azidutsamo kanayi kapena kasanu pa ola, poti mbuna n'zosusuka ndipo zimaipitsa madzi.

Kakang'ono kanagwa pa malita. Cha mabatani chinagwa pa zapadera: chikafa, akuti mpaka kuitanitsa kunja. Chotuwa chinayankha zonse.

Lamulungu, 11 Agosto

Ku tchalitchi sindinapite, ndinali kutunga. Zigubu ziwiri panjinga, maulendo atatu. Amayi ochapa kunyanja anandifunsa kuti madzi onsewa n'ngachiyani. Ndinati ndikukamwetsa nsomba. Anaseka mpaka wina kugwetsa sopo m'madzi. Zoona zokhazokha, koma ndi nthabwala yokhayo imene yandiyendera sabata ino.

Masana ndinamuikira A. foni patsogolo. Anayang'ana zithunzi zonse zitatu.

"Ndikufuna chonga cha Valter."

Ndinamuimbiranso wa ku Nampula. Akuti mtundu umenewo anasiya kubweretsa kalekale.

"Ndiye chitani zimene mukufuna, Papa. Si mwazolowera?"

Ndinaitanitsa chotuwa. Osati chifukwa cha malita a Jafari okha ayi. Pachithunzi chili ndi zotsekera zinayi zongokankha ndi chala, ndipo masiponji ali m'timadengu totuluka ndi chogwirira. Chimenechi mwana wanga angachitsegule yekha, osadikira mwamuna aliyense, wamoyo kapena wakufa, makamaka bambo ake.

Izi sindinamuuze. Ndinangoti ndasankha chofanana nane. Anadzuka n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lolemba, 12 Agosto

Maulendo atatu. Palibe yafa. Msana ndiye wafa.

Lachiwiri, 13 Agosto

Rosita waimba. "Ndinakutumani kukaseketsa, inu mwakatsegula manda." Kenako anatsitsa mawu. Akuti A. wamuuza kuti katunduyo akangofika ine ndibwerere ku Chiwanga. Akuti sakufuna kundilankhula mawu amene angadzanong'oneze nawo bondo, ndiye bola ndichoke.

Mwana amene ndinkamuika paphewa n'kulowa naye m'madzi mpaka m'khosi, iye akukuwa ndi chimwemwe. Moyo wanga wonse ndathamangitsidwapo pa maliro awiri ndi pa ukwati umodzi chifukwa cha pakamwa, ndipo ponseponse ndinachoka ndikuseka. Apa ayi.

Ndinakhala pampando wa A. uja kuyang'ana galasi. Ola lathunthu! Yabuluu yanga yakumba dzenje pansi pa mwala, ikunyamula mchenga ndi pakamwa n'kukalavula pakhomo pa inzake. Khalidwe loipa. Sindinadziwe kuti nsomba ili ndi khalidwe. Ine ndinkazidziwa zitagona chagada.

Lachinayi, 15 Agosto

Katundu wafika pa chapa, minibasi ya ku Lichinga, bokosi litakhalidwa ndi mayi wina njira yonse, koma lamoyo. Ndinapita nalo kwa Jafari ndikunyada. Anatsegula, kuwerenga zonse, mphira wapadera ulipo, kamtengo kapadera kalipo.

"Chabwino. Koma muli antchito?"

"Si chatsopano?"

"Ndiye vuto lakelo. Chatsopano n'chopanda kanthu. Antchito amatenga masabata kuti aswane okha. Mukafuna msanga, kapempheni nyansi kwa wina."

Ndinayesa akundibwezera nthabwala za zaka makumi anayi. Ayi ndithu, nkhope ili gwa. Akuti pa nyumba ina ya alendo ku Chiwanga pali galasi la mbuna. Ndikapemphe siponji imodzi yakuda ya m'filitiro yawo, ndiwasiyire yatsopano. Ndiinyamule m'madzi a m'galasi lawo lomwelo, isaume, isaone dzuwa, ndipo ndisaime panjira kucheza.

"Chomalizachi ndiye chikukanikani," anatero.

Bokosi ndalisiya patebulo la A. Chikwama changa ndalongedza.

Lachisanu, 16 Agosto

Ndinamangirira chikwama panjinga, kuti ndikatula nyansi ndibwerere kwathu ku Chiwanga.

Mwini nyumba ya alendo, dona Clotilde, amandidziwa kuyambira kale. Ndinavula chipewa n'kunena kuti ndabwera kudzapempha uve wawo. Anaitana wophika kuti adzamve nawo. Ndinabwereza. Anadikira kuti ndiseke, ine osaseka. Pamenepo ndi pamene anachita mantha, n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinawauza zonse. Anagwada okha pa kabati yawo n'kusankha siponji yakuda kuposa zonse.

Ndowa pa kaliyala, malaya anga a ku tchalitchi pamwamba kutchinga dzuwa. Panjira anthu anayi anandiitana, wina mpaka kukuwa kuti, "A Baltazar, mwaba chiyani?" Yankho linali pa lilime, lokoma. Ndinalimeza n'kupalasa.

Ndinapeza A. ali pansi pabalaza, lero sanapite ku ntchito. Bokosi watsegula, pepala la malangizo lili pabondo, mapaipi walumikiza kale yekha. Chigubu cha Valter wachipukuta n'kuchiika pamwamba pa kabati ya mbale.

"M'ndowamo muli chiyani?"

"Nyansi. Ndakapempha."

Anachotsa malaya anga, n'kusuzumira. Ndinayamba kufotokoza za antchito a Jafari, koma sankamva. Anaweramira pafupi, kununkhiza.

"Fungo lake ndi lomweli," anatero. "Valter akatsegula chigubu ankabwera kudzandigwira masaya dala. Ine n'kumamuthamangitsa ndi tsache."

Anapisa manja onse awiri m'ndowa, namwino wa magolovesi uja, n'kutulutsa siponji ikuchucha. Anaigoneka m'kadengu kapakati, kubwezera timadengu tonse, kuvundikira. Zotsekera zinayi, kha, kha, kha, kha, ndi zala zake. Anatsegula timipopi, madzi n'kutsika okha m'chigubu, kulu kulu kulu, mpaka chete. Atalumikiza kumagetsi ndinayesa chafa. Ayi, chikuyenda, kungoti sichilira. Madzi akutuluka m'paipi, nsomba zisanu ndi imodzi zikupita kukaona.

Misozi inali kutsika, iye osaipukuta poti manja ngakuda.

Ndinatola malaya anga n'kunena kuti ndizipita dzuwa lisanapendeke.

Sanacheuke. "Che Jafari anati madzi a kunyanja tisiye liti?"

"Akuti tipitirize masabata awiri, mpaka antchito achuluke."

"Nanga atunga ndani? Ine ndili ndi ntchito."

Ndakamasula chikwama panjinga. Zigubu ndamangirira kale.