Kansalu Kobiriwira ka m'Sutikesi ya Mariamu

Alamu anga a Asiyatu,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi amayi. Ine ndili bwino, kungoti mtima sukukhazikika.

Tsiku lomaliza lija Mariamu ankachapa, ine ndikuyanika, iye akundiseka kuti malaya ndimapachika chozondoka. Madzulo ake ndi pomwe anagwa, osadzukanso.

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kutsegula sutikesi yake. Pansi pa zitenje ndinapeza ndalama zambiri, zomangidwa m'kansalu kobiriwira komwe si kake. Amayi ambiri kuno ku Chaneng, m'dziko la eni lino, alibe mapepala otsegulira akaunti kubanki, ndiye ndalama zawo ankasungitsa kwa iye. Dzina palibe. M'bale wanu uja mayina ankasunga pamtima.

Ndinafunsa Yusufu, mnzanga wa kumgodi. Akuti, "Achimwene, mukalengeza kumzikiti, mawa eniake akwana khumi. Ingolipirani lendi, Mulungu wakuonani!" Lendi ikundivutadi, koma dzanja likukana. Mwina ndi fizi ya mwana wa munthu, ndipo mwiniwake akuchita manyazi kufunsa namfedwa.

Inu munkacheza ndi Mariamu pafoni Lamlungu lililonse. Sanatchulepo munthu amene anamusungitsa ndalama? Chonde kumbukirani, mundiuze msanga.

Zovala zake ndatumiza pa galimoto ya katundu yopita ku Mangochi, mugawane ndi amayi. Ndalama ndazibisa bwino. Kansaluko ndimakayanika pachingwe cha Mariamu chija m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, kuti mwiniwake akamadutsa akazindikire, alimbe mtima, adzagogode.

Mulungu akusungeni nonse.

Mlamu wanu,
Idrisa