Tikiti ya Amayi Yathera ku Addis

Highfields, Leicester
9 Novembala 2025

Okondedwa achimwene a Absalom,

Ndikhulupirira muli bwino ku Indiana kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, kungoti mutu wanga wazungulira, ndipo wouzunguza ndinu.

Mukukumbukira uthenga munaponya pagulu la banja mu Julaye uja, wakuti ovataimu sakuidulanso msonkho? Ine ndi digiri yanga yonseyi ndinangowerenga mzere woyamba, n'kuthamangira kwa abwana kuweyahausi komwe ndimanyamula makatoni ku Corby kukapempha mashifiti onse a Loweruka ndi Lamlungu. Miyezi itatu, achimwene! Mwana wathu Melissa wayamba kukwawa ine ndili m'basi.

Peyisilipi yoyamba inabwera atadula ndithu. Alamu anu a Joanna atadandaula, ndinawauza kuti asapupulume, paja inu munati boma limadula kaye n'kudzabweza.

Tsono apa ndiye ndinalakwa. Ndinaimbira amayi n'kuwalonjeza kuti Khirisimasi adzadyera kuno, mdzukulu ali pamiyendo. Pano asoketsa madiresi awiri, ndipo atsanzika kale ku Mvano.

Sabata yatha ndinapita kwa a Safura, amene amakonza malipiro athu, kukapempha fomu yobwezera msonkho. Anati awuone uthengawo. Anawerenga mpaka pansi, pamene ine sindinafikepo, n'kundifunsa mwaulemu ngati Corby anasamukira ku Amereka. Akuti lamulolo ndi lakwanuko. Akutinso ngakhale kwanuko sakhululukira ovataimu yonse, koma kapamwamba kokha kamene amawonjezera pa malipiro a ola. Kuno amadula ngati malipiro ena onse. Nditafunsa ngati palibe pena pozembera, anandipatsa tiyi.

Mpaka lero sindikumvetsa. Katoni yomweyo, msana womwewo, Loweruka lomwelo, koma wina amukhululukira, wina ayi?

A Joanna atawerengera, apeza kuti zomwe zatsala zikhoza kunyamula amayi kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Addis Ababa. Kupitirira apo, akuti, ndiwabereke.

Choncho ndagwira mwendo. Inu okhululukidwanu, anyamuleni amayi kuyambira ku Addis mpaka ku Heathrow. Mukakana, muwaimbire nokha, muwauze kuti madiresi aja akatchenere pabwalo la ndege ku Ethiopia.

Ambuye akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ndipo mukapezanso nkhani ina yokoma, muziyamba mwalemba dzina la dziko pamwamba.

Ine mng'ono wanu,
Mayankho